Mafunso ndi Mayankho: Magetsi a Zambia, Kuchokera ku Malasha Kufika ku Madzi ndi Dzuwa

FUNSO: Kodi Zambia inayamba liti kupanga magetsi ndi madzi, nanga poyamba inkagwiritsa ntchito chiyani? (Wowerenga wa kwa Chifunda, m'boma la Chama)

YANKHO: Magetsi ochuluka anabwera m'dziko muno chifukwa cha migodi ya kopa. Migodi ya ku Copperbelt itakula m'zaka za m'ma 1930, makampani ankawiritsa madzi ndi malasha okumba pansi ochokera ku Wankie, komwe lero ndi Hwange ku Zimbabwe, ndipo nthunzi yake ndiyo inkazungulitsa makina opanga magetsi. Sitima zikalephera kubweretsa malasha okwanira, ankagwetsa mitengo n'kuponya nkhuni m'ng'anjo. Siteshoni ya pa mathithi a Victoria Falls inayamba ntchito mu 1938, koma kusintha kwakukulu kunadza ndi damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, lomwe linatha kumangidwa mu 1959. Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinjewu anasamutsidwa, minda ndi manda awo n'kumira.

FUNSO: Chinafulumizitsa kusinthaku n'chiyani?

YANKHO: Ndale. Mu 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzipatula ku ulamuliro wa Britain. Pa nthawiyo makina onse a Kariba anali kutsidya la Rhodesia, ndipo malasha ndi mafuta a Zambia ankadutsanso komweko. Boma la Kenneth Kaunda silinafune kukhala m'manja mwa mdani. Linatsegula mgodi wa malasha ku Maamba, linayala paipi ya mafuta ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam mu 1968, ndipo mu 1970 linakhazikitsa kampani ya magetsi ya ZESCO. Siteshoni ya Kafue Gorge inayamba ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ya Kariba North Bank n'kutsatira mu 1976. Ya Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, inamalizidwa mu 2023. Lero pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a mphamvu ya masiteshoni a dziko lino amadalira madzi.

FUNSO: Nanga n'chifukwa chiyani magetsi amazimazima?

YANKHO: Damu limadikira mvula ngati mlimi. Mvula itavuta mu 2015 ndi mu 2019, madzi anatsika ku Kariba ndipo ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthanasinthana. Chilala cha 2024 chinaposa pamenepo. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo miyezi yotsatira makomo ambiri ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Zigayo zinaima, owotcherera zitsulo anasowa chochita, ndipo m'matauni mbaula zinayaka m'nyumba zomwe kale zinkaphikira magetsi. Dziko linatsamiranso pa malasha a ku Maamba, komwe siteshoni ya mamegawati 300 inatsegulidwa mu 2016. M'zaka zimenezi masola akuluakulu anayamba kuchuluka: Bangweulu ya mamegawati 54 ndi Ngonye ya 34 ku Lusaka zinatsegulidwa mu 2019, ndipo ya ku Chisamba, ya mamegawati 100, mu 2025.

FUNSO: Zonsezi zikumukhudza bwanji munthu wa kwa Chifunda?

YANKHO: Dera la Mfumu Chifunda lili m'chigwa cha Luangwa, moyang'anizana ndi nkhalango ya North Luangwa, kutali kwambiri ndi madamu. Ngakhale tauni ya Chama inadalira majenereta a dizilo kwa zaka zambiri, ndipo mafutawo ankayenda ulendo wautali m'misewu yovuta nthawi ya dzinja. Kumidzi nyali inali koloboyi: kabotolo ka parafini ka chingwe cha nsanza, kotulutsa utsi wodetsa mphuno za mwana wowerenga. Chomwe chachotsa koloboyi m'makomo ambiri ndi tochi ndi kasola kakang'ono koyanika padenga la udzu, kodzaza batire loyatsira mababu awiri kapena atatu ndi kutchajira foni. Sola wokulirapo amatha kuyendetsa firiji ya katemera pachipatala ndi kupopa madzi pamjigo. Bungwe la Rural Electrification Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, lili ndi udindo wofikitsa magetsi kumadera otere.

FUNSO: Phunziro lake ndi lotani?

YANKHO: Loyamba, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Madzi ndi dzuwa ziyenera kuthandizana: masana sola azigwira ntchito, madzi a m'damu azisungidwira usiku ndi miyezi youma. Lachiwiri, magetsi a dziko akhoza kuchuluka mudzi uli mumdima, choncho madera akutali amafunika magetsi opangidwa pafupi ndi kwawo. Lachitatu, sola amafuna chisamaliro. Fumbi la mu October likakuta galasi lake mphamvu imachepa, ndipo batire limatha patapita zaka zochepa, motero pafunika amisiri a m'deralo ndi ndalama zosungidwa zogulira lina. Lachinayi, mabanja ambiri akuphikirabe nkhuni ndi makala. Mitengo ikatha m'mphepete mwa mitsinje, dothi limakokoloka n'kukwirira mitsinjeyo, ndipo madamu omwe dziko likudalira amavutika. Ndondomeko ya magetsi iyenera kuyendera limodzi ndi mbaula zosawononga nkhuni ndiponso kusamala nkhalango.