Mbiri ya Kawaya Kokhala M'kati mwa Sikelo



Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, thukuta lanu la chaka chonse limathera pa sikelo. Kale sikelo inali ya sipulingi ndi muvi, ndipo munthu ankaona ndi maso ake muvi ukuyenda. Lero ogula ambiri amabwera ndi sikelo ya batire, imene imangolemba manambala pa kagalasi. Alimi ena amaiopa, ena amakhulupirira chilichonse chimene yalemba. Onsewa akulakwa. Tsono lero ndikuuzani mbiri ya sikelo imeneyi, kuti muidziwe monga mudziwira khasu lanu.

Nkhani yake iyamba ndi waya. Mu 1856 mphunzitsi wina dzina lake William Thomson, amene pambuyo pake anatchedwa Lord Kelvin, ankayesa mawaya a mkuwa ndi a chitsulo ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Umenewu ndi mzinda womwewo kumene David Livingstone anaphunzira za udokotala, iye uja anafika pa nyanja yathu mu 1859. Masiku amenewo anthu ophunzira ankafunitsitsa kudziwa khalidwe la mawaya chifukwa cha lamya, imene inafika ku Fort Johnston, ndiye Mangochi wa lero, m'zaka za m'ma 1890.

Thomson anamangirira zolemera ku waya, napititsa magetsi m'wayamo. Anapeza kuti waya akakokedwa, magetsi amadutsa movutikirapo kusiyana ndi poyamba. Anapezanso kuti waya wachitsulo amasintha koposa wamkuwa. Kodi chifukwa chake nchiyani? Taganizani mphira ya legeni. Mukaikoka imatalika ndipo imaonda. Waya nayenso amatero, ngakhale maso sangathe kuona. Ndipo monga ng'ombe zimachedwa kutuluka pa chipata chopapatiza, magetsi amavutika m'waya wotalika ndi woonda.

Kusinthako nkochepa zedi, kotero kunafunika nzeru yoyesera. Nzeruyo inalipo kale. Samuel Hunter Christie anaipeza mu 1833, ndipo Charles Wheatstone anaifalitsa mu 1843. Magetsi amawagawa m'njira ziwiri zofanana, pakati pake naikapo chipangizo chokhala ndi singano. Njira ziwirizo zikalingana, singano imakhala chete. Koma waya wa mbali imodzi akangokokedwa pang'ono, singano imapendekeka. Mwa njira imeneyi munthu atha kudziwa mphamvu imene ikukoka waya, ngakhale ikhale yaing'ono yosamveka m'dzanja.

Panapita zaka zoposa 80 nzeru imeneyi isanalowe m'ntchito za anthu wamba. Mu 1938 anthu awiri a ku America, osadziwana, anafika pa ganizo limodzi. Wina anali Edward Simmons wa ku California. Mnzake anali Arthur Ruge wa ku Massachusetts, amene ankafufuza mmene chivomezi chimawonongera matanki a madzi omangidwa pamwamba. Ruge anatenga kawaya kochepa koposa tsitsi la munthu, nakamata pa kapepala kopichirira fodya, ndipo kapepalako anakamata pa tanki yaing'ono yoyeserera. Tanki ikapindika, kawaya kankakokedwa pamodzi nayo, ndipo magetsi ankaulula kukula kwa kupindikako. Pa nkhondo yaikulu ya 1939 mpaka 1945 tizipangizo timeneti tinagwira ntchito yoyesa kulimba kwa ndege. Mu 1952 ku Britain anayamba kudula timizere m'kachitsulo kopyapyala kwambiri m'malo mwa waya, ndipo mtundu umenewu ndiwo uli m'masikelo ambiri lero.

Tsono bwerani nane pa msika. M'kati mwa sikelo ya batire muli kachitsulo kolimba, ndipo pa kachitsuloko pamamatidwa tizipangizo tija, kawirikawiri tinayi. Mukapachika thumba la nandolo kapena kuika thonje, kachitsuloko kamapindika pang'onong'ono. Ngakhale pa katundu wolemera kufika pa malire a sikelo, kutamuka kwake kumangokhala ngati gawo limodzi mwa magawo 1,000. Magetsi a m'batire amasintha molingana ndi kutamukako, ndipo kamakina ka m'kati kamasandutsa kusinthako kukhala makilogalamu amene muwerenga pa galasi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kawaya sikadziwa kilogalamu. Kamangodziwa kukokedwa. Munthu ndiye amaphunzitsa sikelo, poikapo cholemera chodziwika ndi kuiuza kuti ichi ndi makilogalamu akutiakuti. Ikaphunzitsidwa bwino imanena zoona koposa sikelo ya sipulingi. Ikaphunzitsidwa mwachinyengo imanama tsiku lonse, ndipo manambala ake amaoneka okongola chimodzimodzi. Sikelo yabwino nayonso itha kusokonekera ngati inagwa pansi, ngati anaisenzetsa katundu woposa mphamvu yake, ngati batire yatha, kapena ngati aiika pa malo opendekeka.

Tiwerengere pamodzi. Sikelo ikamadya makilogalamu 2 pa thumba lililonse la makilogalamu 50, mlimi wogulitsa matumba 25 wataya thumba lathunthu. Thumba limenelo ndi fizi ya mwana, ndi mankhwala, ndi mbewu ya chaka chamawa. M'mudzi wa alimi ambiri zotayikazo zitha kudzaza ngolo.

Boma lili ndi bungwe loona za miyezo, la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972. Antchito ake amayesa masikelo a malonda ndi kuikapo chizindikiro. Koma sangakhale pa msika uliwonse tsiku lililonse. Chifukwa chake inu eni ake chitani izi.

Poyamba, funsani wogula akuonetseni chizindikiro cha bungwe limeneli, ndipo muone ngati nthawi yake sinathe.

Kachiwiri, musanaike katundu onani kuti galasi likuonetsa 0. Sikelo yoika pansi ikhale pa malo osalala ndi olimba. Yopachika ilendewere yokha, thumba lisakhudze pansi kapena mwendo wa munthu.

Kachitatu, yesani sikeloyo ndi chinthu chimene mukudziwa kulemera kwake. Paketi ya shuga yosatsegula ya kilogalamu imodzi ithandiza, koma siikwanira, pakuti sikelo itha kulondola pa katundu wopepuka ndi kunama pa wolemera. Yesaninso ndi cholemera chachikulu.

Kachinayi, dikirani manambala aime, muwerenge nokha, kapena mwana wa sukulu akuwerengereni, ndipo mulembe.

Inu mafumu ndi anyakwawa, pali ntchito imene ikuyenera inu. Sankhani mwala wolimba wosanyenyeka, mukauyese pa sikelo yokhala ndi chizindikiro pamaso pa mlangizi ndi mboni, ndipo mulembepo kulemera kwake ndi penti. Mwalawo uzisungidwa kwa mfumu. Wogula aliyense wofika m'mudzi ayambe wayesa mwalawo anthu akuona. Wogula wachilungamo sadzakana, pakuti mwalawo udzamuchitira umboni. Wokana wadziulula yekha, ndipo nkhani yake muipereke kwa mlangizi kapena ku ofesi ya malimidwe.

Kumbukiraninso kuti chilungamo chili mbali ziwiri. Mlimi wothira mchenga m'thumba kapena wonyowetsa thonje alibe pakamwa podandaulira sikelo.

Anthu anzeru anatha zaka zambiri kuti kawaya kaja kathe kumva ngakhale kulemera kwa chikho chimodzi cha chimanga. Ntchito yotsala ndi yathu, yoonetsetsa kuti dzanja logwira sikelo ndi loongoka.