MBIRI YA NYALI YOPOPA

Kale makolo analibe nyali. Dzuwa likalowa, kuunika kwao kunali mwezi, moto wa pabwalo, ndi miyuni ya udzu kapena bango. Pambuyo pake kunabwera koloboyi ndi nyali ya galasi, koma kuwala kwa zimenezi kunali kocepa, ndipo utsi unali wambiri. Nyali imene inadabwitsa anthu kweni-kweni ndiyo yopopa, imene ambiri amaichula dzina lakuti Tilley. Nyali imeneyi sanaipange munthu mmodzi ai. Nzeru za anthu a maiko angapo zinakumana pang'ono-pang'ono kufikira itabadwa.

Ciyambi ca Parafini

Coyamba cinali mafuta. M'caka ca 1846 Abraham Gesner wa ku Canada anasonyeza anthu mafuta oyaka amene anawatulutsa m'malasha okumba pansi. M'caka ca 1850 James Young wa ku Scotland analandira cikalata ca boma covomereza kuti njira yake yopangira parafini inali yake-yake. Young ameneyu anali bwenzi la David Livingstone kuyambira pamene anadziwana ku Glasgow, ndipo atalemera ndi malonda a mafutawo anathandiza maulendo a bwenzi lakelo ndi ndalama. M'caka ca 1859, caka comwe Livingstone anafika ku Nyanja ya Malawi, Edwin Drake anaboola citsime ca mafuta ku Pennsylvania m'dziko la America. Kuyambira pamenepo parafini anacuruka, ndipo mtengo wake unatsika.

Kansalu ndi Pampu

Caciwiri cinali kansalu koyera kamene amamanga pakati pa nyali. Anakatulukira ndi Carl Auer von Welsbach wa ku Austria m'caka ca 1885, nakakonzanso bwino mu 1891. Iye anaviika nsalu m'mankhwala a thorium ndi cerium. Nsalu yotere ikapsa, ulusi umatha, koma mankhwala aja amatsala ngati kaukonde ka phulusa. Kaukondeko kakatenthedwa kwambiri kamawala mbee. Cotero cimene cimaunika pa nyali yopopa si lawi la moto ai, koma phulusa lotentha.

Cacitatu cinali pampu. M'caka ca 1892 ku Sweden anayamba kupanga mbaula ya Primus, imene inkayaka ndi parafini wokankhidwa ndi mpweya, yopanda cingwe. Nzeru yomweyo inalowa m'nyali. M'caka ca 1910 Max Graetz wa ku Berlin anapanga nyali ya Petromax. Ku England a banja la Tilley, amene ankapanga nyali za gasi, anatembenukira ku parafini pa nthawi ya Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ndipo nkhondo itatha nyali zao zinawanda pa njanji, m'minda ndi m'nyumba za maiko ambiri. Ankazipanga ku Hendon, mu London, kufikira m'zaka za m'ma 1960 pamene nchitoyo inasamukira ku Belfast.

Kayakidwe kake ndi kotere. Munthu akapopa, mpweya umapanikiza parafini m'thanki, nakwera m'kapaipi kotentha. M'menemo parafini amasanduka nthunzi, naturukira pa kabowo kakang'ono ngati nsonga ya singano. Nthunziyo imasanganikirana ndi mpweya, niyaka m'kati mwa kansalu kaja. Nyali zina za Tilley zinkawala monga makandulo 300, ndipo Petromax yaikuru monga makandulo 500.

Nyali pa Nyanja

M'maiko a Malawi ndi Zambia nyali yopopa inkapezeka m'masitolo, m'zipatala za kumidzi, pa maukwati ndi pa maliro. Koma amene inawathandiza koposa ndi asodzi. Usipa umatsata kuwala, ndipo kale asodzi ankaukopa ndi miyuni imene inkanyeka msanga. Nyali yopopa ikamangidwa pa bwato inkayaka nthawi yaitali osazima ndi mphepo, usipa nusonkhana, anzao naponya khoka la cilimila. Asodzi a kapenta pa Nyanja ya Tanganyika ankacitanso cimodzi-modzi. Pambuyo pake kunafika magetsi, nyali za mabatire ndi za dzuwa, ndipo nyali zopopa zambiri zinapacikidwa ku denga, nizigwira dzimbiri.

Kukonzanso Nyali Yakale

Nyali yotere kawiri-kawiri imakhala isanafe, pakuti thanki la zambiri ndi la mkuwa. Zimene zimakalamba ndi zing'ono-zing'ono. Wokonza amayamba wakhuthula parafini wakale, natsuka thanki ndi parafini watsopano kufikira zinyalala zitatha. Kenaka amasolola pampu. Ku nsonga kwake kuli kacikopa kamene kamauma ndi zaka, ndipo kakauma pampu imangolowa pululu yosagwira mpweya. Akakaviika m'mafuta usiku umodzi kamafewa. Ngati kang'ambika amaikapo kena. Timphira ta pa citsekero ndi ta m'munsi mwa pampu timauma ndi kusweka, tsono tonse amatisintha. Kabowo ka nthunzi kamatsekeka ndi mwaye. Amakatsegula ndi kasingano kake komwe, osati ndi waya wamba, cifukwa bowo likakula nyali imangofuka utsi.

Asanathire parafini, thanki liyenera kuyesedwa. Wokonza amatseka ponse, napopa mpweya m'thanki lopanda kanthu, nalimiza m'ndowa ya madzi. Pamene pakuturuka thovu ndi pamene pakudontha. Ngati thovu licokera pa mphira, cobvuta ndi caching'ono. Koma ngati licokera pa mng'alu wa thanki, nyaliyo isayatsidwe konse, pakuti parafini wopanikizidwa akafwamphukira pa moto angathe kutentha munthu ndi nyumba yomwe.

Kuyesa ndi Moto

Kuyesa koyamba kumacitikira panja, kutali ndi udzu ndi ana. Wokonza amamanga kansalu katsopano, nathira parafini woyera m'thanki, koma osadzaza, kuti mpweya upeze malo. Petulo sayenera kulowa m'nyali ya parafini ngakhale pang'ono. Tsono amayatsa sipiriti m'munsi mwa kapaipi kaja kuti katenthe. Apa ndi pamene ambiri amalakwa, cifukwa ca kufulumira. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu akapopa kapaipi kasanatenthe, parafini amakwera ali wamadzi, ndipo malawi acikasu amabuka pamwamba pa nyali. Zikatero wokonza asathawe. Amasule citsekero kuti mpweya uturuke, adikire moto uzime ndi nyali izizire, ayambenso. Koma akadikira kufikira sipiriti ali pafupi kutha, napopa pang'ono-pang'ono, kansalu kamayamba kuyera, nyali nilira mofatsa kuti sii. Kuwala koyera kosagwedezeka ndico cizindikiro cakuti nchito yatheka.

Zinthu ziwiri zatsala zofunika kuzisamala. Tinsalu takale tinali ndi thorium, amene fumbi lake ndi loipa m'cifuwa. Motero phulusa lake lisauziridwe ndi pakamwa, ndipo wolikhudza asambe m'manja. Ndiponso nyali yopopa imadya mpweya wa m'nyumba, niturutsa wina woipa wosanunkha, tsono zenera likhale lotsegula pamene ikuyaka.

Munthu amene asunga kacikopa, timphira ndi kansalu kapadera, usiku umene magetsi azima kapena mabatire atha, nyali ya agogo ake idzamuunikira monga inaunikira iwo.