Ngongole ya kalabu ija: mmene inayendera ndi mmene inafera

Abale anga a kumudzi kuno, ndi inu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene mumatifunsa pa foni kuti bwanji anthu a kwathu akatenga ngongole ya boma sabweza, lero ndilemba motalikitsako. Nkhaniyi sinayambe dzulo.

M'nthawi ya Kamuzu, mlimi wamng'ono sankalowa m'banki. Ngongole inkadzera ku kalabu ya alimi, ndipo kuyambira mu 1988 inkayendetsedwa ndi nthambi ya unduna wa zaulimi yotchedwa SACA. Ndalama m'manja ayi. Ankakupatsa feteleza ndi mbewu, mlangizi atalemba mayina, kubweza kwake mukakolola n'kugulitsa ku ADMARC. Lamulo lake linali limodzi lokha koma lolimba: munthu mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse chaka chamawa isayembekeze kalikonse. Ndiye wokulondalonda sanali kalaliki wa ku boma, anali mlamu wako, mnzako wa kumpingo kapena wa kumzikiti. Akuluakulu amakumbukira bwino mbuzi zikukokedwa, njinga zikutengedwa, ena mpaka kuwazulira chitseko. Alendo a kunja ankayamikira Malawi kuti alimi ake amabweza ngongole pafupifupi yonse. Ankawerenga mabuku a ndalama, koma chitseko chozulidwacho m'mabukumo munalibe.

Chinanso chimene timaiwala tikamati kale zinali bwino: makalabu ankasankha. Mayi wamasiye wa kamunda kakang'ono ankamukana, poopa kuti awagwetsa. Ngongole yotchipa ija inkapita kwa amene anali nazo kale pang'ono.

Kenako kunabwera chilala cha 1992. Chimanga cha haibulidi chimene anthu anatengera feteleza chinapsa chisanamasule. Ife a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Chia kudutsa pa Linga mpaka ku Dwangwa, chinangwa chinatisunga. Kondoole amene a kumtunda amatinyoza naye ndiye anaimika anthu. Koma chinangwa sichinali mbewu ya kalabu, ndipo feteleza yemwe anapita m'nthaka anafunikabe kulipiridwa. Anthu ambiri analephera, osati mwadala.

Mwadala munabwera pambuyo. Pa 14 June 1993 kunali riferendamu, pa 17 May 1994 chisankho cha matipate. Pakati pa masiku awiriwo mantha anatha, ndipo mphekesera zinadzaza midzi kuti ngongole ndi ya Kongeresi, boma likasintha ifafanizidwa. Taganizani inuyo: mnzanu sanabweze ndipo palibe chamuchitikira, kalabu yatsekeredwa kale chifukwa cha iye. Mubwezerenji? Lamulo lomwe lija limene linkakakamiza onse kubweza linatembenuka n'kuchititsa onse kuleka. Ngakhale woona mtima anaona kuti kubweza yekha n'kutaya ndalama m'madzi. SACA inagwa choncho.

Mu 1994 m'malo mwake munalowa Malawi Rural Finance Company, mothandizidwa ndi World Bank. Iyi inali kampani, yofuna chiwongoladzanja cha pamsika, pomwe chaka chomwecho kwacha inagwa kwambiri ndipo feteleza anakwera. Mlimi amene anasangalala kuti ngongole yakale yafera m'mazira anapeza kuti yatsopano ndi yowawa kuposa, kapena sakupatsidwa n'komwe. Nayonso kampaniyo pomaliza inatseka. Mu 2005 kunadza Mardef, kenako MEDF, kenakonso NEEF. Dzina limasintha, koma nyimbo ya kusabweza ndi yomweyo, makamaka chisankho chikayandikira.

Kwa ine, amene analipira ngongole ya 1993 si boma. Ndi mlimi wa mpunga amene lero, pofika Januwale, amapita kwa wakatapila kapena kwa venda, kutenga ndalama yolipira aganyu owokera, n'kulonjeza matumba a mpunga usanache pamtengo woikidwa ndi wobwereketsayo. Mpunga wa Kilombero umafika m'tauni pamtengo wabwino, mwini dambo atatsala ndi madeya.

Chodabwitsa n'choti anthu omwewa ku banki m'khonde amabweza mosaphonya, chiwongoladzanja chake chili chokwera ndithu. Kumeneko ndalama ndi ya Nabanda woyandikana naye nyumba, ndipo Disembala ikakwana pogawana aliyense amadziwa amene wachedwetsa. Inu a m'tauni mukafuna kuthandiza m'bale nyengo ino, mufunseni kaye ngati mpunga wake sunagulitsidwe kale uli m'munda.