Mbiri ya Mapulani a Maphunziro a Ntchito Zamanja, Kuchokera ku Mishoni ya Mua Kufika pa Makoleji a m'Madera

Ndondomeko yotsogolera ntchito, imene ena amaitcha mlozo ndipo ena amangoti pulani ya zaka zisanu, ndi chikalata chimene bungwe limalemba litaunika pamene laima, kumene likufuna kukafika, anthu ndi chuma chimene lili nacho, komanso zinthu zimene lavomera kuzisiya kuti zofunika kwambiri zitheke. Pa koleji ya m'dera, kutanthauza sukulu yophunzitsa ntchito zamanja kwa achinyamata a m'boma limodzi kapena chigawo chimodzi, chikalata chotere chimayenera kunena maluso amene aphunzitsidwe, chiwerengero cha ophunzira, kumene ndalama zichokere, ndi kumene omaliza maphunziro akapeze ntchito kapena msika. Ngakhale kuti makoleji otere anayamba m'Malawi mu 2015, mafunso amenewa ndi akale kwambiri, ndipo mbiri yake ikuonetsa kuti m'zaka zoposa 120 chimene chakhala chikusintha ndi mwini wa mayankho, kuyambira pa mmishonale, kudzera pa boma la atsamunda ndi boma la chipani chimodzi, kufikira pa unduna ndi mabungwe othandiza a masiku ano.

Oyamba kukonza maphunziro a ntchito zamanja mwadongosolo anali amishoni, ndipo anachita zimenezi chifukwa chosowa amisiri omanga matchalitchi, zipatala ndi nyumba zawo. Ku Blantyre, kumene mishoni inakhazikitsidwa mu 1876, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi manja a anthu amene anaphunzirira kuumba ndi kuyala njerwa pa ntchito yomweyo. Ku Khondowe, Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun mu 1894, yomwe inaphatikiza maphunziro a m'kalasi ndi ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku, ndipo wophunzira ntchito ankakhala pansi pa mmisiri kwa zaka zingapo asanatchedwe mmisiri iye mwini. Laws ndiye anali ndi maso oona patali kuposa anzake onse a nthawiyo, pakuti ankalakalaka kuti sukuluyo idzakule n'kukhala koleji, koma chuma chochokera ku Scotland sichinakwane kukwaniritsa malingalirowo. Mayina a mishoni zina, monga Zambezi Industrial Mission ya Joseph Booth ya mu 1892 ndi Providence Industrial Mission imene John Chilembwe anayambitsa mu 1900, ankanena okha kuti Uthenga ndi ntchito ya manja ziyendere limodzi.

Ku Mua, m'tsinde mwa mapiri a Dedza pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe, ansembe a chipani cha White Fathers anafika mu 1902, m'dziko la Mfumu Kachindamoto. Mishoni imeneyi sinakhale ndi sukulu yaikulu ya amisiri yonga ya ku Khondowe, koma inali ndi zosowa zake zimene zinkaitana luso tsiku ndi tsiku: nyumba za njerwa, tchalitchi, chipatala, ndipo pambuyo pake malo osamalirako odwala khate. Matabwa ankachekedwa kuchokera ku mitengo ya m'derali, njerwa zinkaumbidwa ndi dothi la pomwepo, ndipo amene ankaphunzira ntchitozi anali ana a m'midzi yozungulira. Pulani ya mtundu umenewu inali yosalembedwa m'chikalata chimodzi, koma inali ndi ubwino umene mapulani ambiri a pambuyo pake anausowa, woti wophunzitsa, wophunzira, zipangizo ndi msika zonse zinali pa malo amodzi. Kuipa kwake kunali kwakuti malire a pulaniyo anali malire a zosowa za mishoni, kotero kuti luso limene mpingo sunkalifuna silinkaphunzitsidwa, ndipo mmisiri amene mishoni inalibe ntchito yomupatsa ankayenera kukaifuna kwina.

Boma la atsamunda linachedwa kulowa m'nkhani za maphunziro, ndipo linayamba kutero mwamphamvu nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zitayendera dziko lino mu 1924 ndi kulimbikitsa maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kumudzi. Nthambi ya maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, ndipo patapita zaka zochepa sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Domasi kuti iphunzitse aphunzitsi oyendera midzi pamodzi ndi akazi awo za ukhondo, ulimi ndi ntchito za manja za pakhomo. Apa m'pamene mawu akuti dera anayamba kulowa m'mapulani a maphunziro, koma analowa ndi tanthauzo lochepetsa, loti munthu wakuda aphunzire zokwanira kukhala bwino m'mudzi mwake osapitirira pamenepo. M'nthawi ya atsamundayi chuma cha dziko chinkadaliranso amuna opita kukagwira ntchito kunja kudzera ku Wenela ndi ku Mthandizi, ndipo njanji itafika ku Salima mu 1935, kudutsa ku Golomoti ndi ku Mtakataka, inafupikitsa njira ya mnyamata wa kuchigwa cha Dedza wopita kukagulitsa mphamvu zake kum'mwera. Boma limene linkapeza msonkho kuchokera kwa anthu otuluka linalibe chifukwa chachikulu chowerengera amisiri amene midzi ya m'mbali mwa nyanja inkawasowa.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mapulani anasanduka ntchito ya likulu. Sukulu ya Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965 kuti ipereke akatswiri a pamwamba, chikalata cha mfundo za chitukuko cha zaka za 1971 mpaka 1980 chinaika ulimi patsogolo, ndipo pulani yoyamba ya maphunziro, ya 1973 mpaka 1980, inatsata njira yowerengera anthu ofunika pa ntchito, imene imayamba ndi kuyerekeza chiwerengero cha makalaliki, aphunzitsi ndi amisiri amene boma ndi makampani adzawafune, kenaka n'kutsegula malo a sukulu olingana ndi chiwerengerocho. Njira imeneyi inkaona ntchito yolembedwa yokha, choncho mmisiri wa pamsika ndi wokhoma zidebe pansi pa mtengo sanalowe m'masamu ake. Achinyamata a kumudzi anasiyidwa m'manja mwa gulu la Apayoniya, lomwe linayamba mu 1963 ndipo linali ndi malo ophunzitsirako m'maboma ambiri, kuphatikizapo Nasawa ku Zomba ndi Ngara ku Karonga. Kumeneko kunkaphunzitsidwa ulimi ndi maluso ena, ndipo palibe chifukwa chokanira kuti ena anapindula, koma popeza gululi linalinso dzanja la chipani loopedwa ndi anthu, linagwa pamodzi ndi ulamuliro umene linkautumikira asilikali atalilanda zida mu Disembala 1993, ndipo nyumba zake zambiri zinatsala mabwinja.

M'zaka zomwezo ku Mua kunabadwa chinthu chimene sichinachokere m'pulani iliyonse ya boma. Mu 1976 wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a luso ndi chikhalidwe a Kungoni, poyamba ngati pophunzirira osema ziboliboli, ndipo pambuyo pake panawonjezeredwa nyumba yosungiramo za makedzana ya Chamare, yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kungoni si koleji, ndipo sipereka satifiketi ya boma, koma mbiri yake ili ndi phunziro kwa aliyense wolemba mlozo wa koleji ya m'dera, chifukwa inayamba ndi luso limene linalipo kale pakati pa anthu, inalikweza, n'kulipezera msika m'matchalitchi a m'dziko muno ndi a kunja komanso kwa alendo odzacheza. Inasankha chinthu chimodzi n'kuchigwiritsitsa kwa zaka makumi, m'malo mwa kuyesa maluso onse nthawi imodzi, ndipo kusankha kotereku ndiko mtima wa ndondomeko yotsogolera ntchito, ngakhale pamene mawuwo sakutchulidwa.

Mawu enieniwo anafika m'Malawi ulamuliro wa zipani zambiri utayamba. Kunja anali atayenda kale ulendo wautali, kuchokera ku nkhani za usilikali kupita ku makampani akuluakulu m'zaka za m'ma 1960, ndi kulowa m'makoleji a ku America pamene ophunzira ndi ndalama zinayamba kuperewera, makamaka buku la George Keller lotchedwa Academic Strategy litatuluka mu 1983. Kuno anabwera ndi mabungwe othandiza, pa nthawi imene maphunziro aulere a pulayimale a mu 1994 anakweza chiwerengero cha ana m'sukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni, zomwe zinatanthauza kuti m'zaka zochepa kudzatuluka khamu la achinyamata opanda malo ku sekondale kapena ku yunivesite. Lamulo la mu 1999 linakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi a bizinesi, ndipo linabweretsa msonkho wapadera umene olemba anthu ntchito amapereka, womwe lero ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a malipiro a antchito awo. Maphunzirowa anakhala ndi thumba lawolawo, koma anapitiriza kuvutika ndi zinthu ziwiri zosokoneza pulani iliyonse: anakhala akusamutsidwa pakati pa unduna wa zantchito ndi unduna wa zamaphunziro, ndipo kwa zaka zambiri panali mayeso a mitundu itatu pa ntchito imodzi yomweyo, ndi masatifiketi osiyana amene olemba ntchito ankavutika kuwayerekeza.

Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja, a ku Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, ankatenga ophunzira ochepa kwambiri poyerekeza ndi ofunsira malo, ndipo pofuna kutseka mpata umenewu Pulezidenti Peter Mutharika anakhazikitsa makoleji a m'madera ku Ngara mu Marichi 2015. Makoleji oyamba anali 11, cholinga chinali choti boma lililonse mwa maboma 28 likhale ndi koleji yake ndipo kenaka chigawo cha phungu aliyense, ndipo ena mwa makolejiwa anatsegulidwa m'nyumba zomwe zija Apayoniya anazisiya. Maluso amene anaikidwa patsogolo anali odziwika kale, monga zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kusoka ndi kukonza njinga zamoto. Chikalata chotsogolera chinali cha dziko lonse, cholembedwa ku Lilongwe, ndipo chinkawerengera kupambana kwake pa chiwerengero cha makoleji otsegulidwa, muyeso umene ndi wosavuta kuulengeza pa msonkhano koma sunena kanthu za mnyamata amene wamaliza maphunziro alibe chipangizo ngakhale chimodzi choyambira ntchito.

Boma la Dedza likuonetsa bwino malire a kuganiza kotere. Pa kalembera wa mu 2018 bomali linali ndi anthu oposa 830,000, ndipo koleji yake ya m'dera ili ku Chongoni, kumtunda kozizira kolimidwa mbatatesi, pamene Mua, Golomoti ndi Mtakataka zili kuchigwa chotentha, kuseri kwa chitunda chimene msewu wake wokhotakhota umadziwika ndi dzina loti Khwekhwelere. Pa mapu ndi boma limodzi, koma pa ulendo ndi pa chuma ndi maiko awiri, ndipo wa ku Mtakataka amafika msanga ku Salima potsata msewu wa m'mbali mwa nyanja kusiyana ndi kukwera mapiri. Chuma cha kuchigwa chili ndi zofuna zakezake: sikimu ya mthirira ya Bwanje, ya mahekitala pafupifupi 800 yomangidwa ndi thandizo la Japan, imafuna okonza ngalande, mapampu ndi zigayo za mpunga, malo opangira magetsi a dzuwa a ku Golomoti, a mamegawati 20 omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022, akusonyeza kumene luso la magetsi likulowera, asodzi amafuna okhoma mabwato ndi okonza mainjini, ndipo osema a ku Mua akufuna mitengo imene ikutha, nkhani yomwe ikukhudza luso lodzala ndi kusamala nkhalango. Mlozo wa koleji yotumikira anthu amenewa ungayambe ndi kuwerenga zinthu izi, osati ndi mndandanda wa maluso wofanana ndi wa ku Karonga kapena ku Thyolo.

Zida zochitira zimenezi zilipo kale m'malamulo. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 linapatsa makhonsolo udindo wolemba mapulani a chitukuko ochokera ku makomiti a m'midzi ndi a kwa mfumu yaikulu, masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anatchula luso la anthu ngati chimodzi mwa zothandizira kutukula ulimi ndi mafakitale, ndipo chaka chomwecho Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ndalama zokwana madola 100 miliyoni za ntchito ya SAVE yotukula maluso. Chimene chikusowabe ndi mphamvu ya koleji imodzi payokha, pamodzi ndi komiti yake ya mafumu, amisiri ndi olemba ntchito a m'deralo, yosankha maluso oti iyambitse ndi oti itseke, ndi yotsatira ophunzira ake akale kuti idziwe kumene anathera. Kufikira mphamvu imeneyi itaperekedwa, koleji ya m'dera ndi nthambi ya unduna imene yangomangidwa kumudzi, ndipo anthu a kuchigwa cha Dedza akudikirabe pulani yolembedwa ndi odziwa chigwacho.