Anzathu anawafunsa, ife anangotilowetsa

Pa 23 Juni 2016 anthu a ku Britain anapatsidwa pepala la funso limodzi: dziko lawo likhalebe m'bungwe la European Union kapena lituluke? Mwa anthu 100 alionse amene anavota, 52 anati tituluke. Kukangana za katulukidwe kake kunatenga zaka zitatu ndi theka, nduna zazikulu ziwiri zinatula pansi udindo, mpaka anatulukadi pa 31 Januwale 2020. Ambiri a ife kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi nkhaniyi tinangoiona ikudutsa pa foni. Za azungu izo, ife tili ndi zathu: feteleza, mtengo wa soya, msewu ukagwa mvula.

Koma ine nkhaniyi imandiyabwa, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Zipani zomwezo, Conservative ndi Labour, zinatilowetsapo ife mu mgwirizano wa mayiko, wa msika umodzi ndi boma limodzi pamwamba, ndipo pepala la funso sitinalione n'komwe. Agogo athu ankautchula kuti Chitaganya.

Tiyambe ndi zawozo, mwachidule. David Cameron sanaitanitse riferendamu chifukwa chokonda kumva maganizo a anthu ayi. Chipani chake cha Conservative chinali chogawanika pa nkhani ya Ulaya kuyambira kale, ndipo chipani cha UKIP cha Nigel Farage chinkamudyera mavoti. Mu 2013 analonjeza riferendamu kuti onsewo atseke pakamwa, ndipo atapambana chisankho cha 2015 analibenso pothawira. Chimene chinatenthetsa mitu kwambiri pa kampeni chinali nkhani ya obwera. Lamulo la bungwelo limati nzika ya dziko limodzi ikhoza kukagwira ntchito m'dziko lina lililonse la m'bungwemo, choncho mayiko a kum'mawa kwa Ulaya atalowa mu 2004, anthu ochuluka a ku Poland ndi kwina anakhamukira ku Britain. Mawu ake anali omwe aja mumawamva paliponse: akutilanda ntchito, akudzaza zipatala.

Chitaganya nachonso chinali nkhani ya msika ndi anthu oyenda. Kungoti oyendawo tinali ife.

Mukafunsa m'mudzi uliwonse kwa Chiwere, kwa Msakambewa, kwa Kalumo kapena kwa Nthondo, simulephera kupeza banja limene lili ndi wina amene anapita ku Halale kapena ku Joni. Kwathu alipo awiri, achimwene awo a agogo anga aakazi. Mmodzi anabwera ndi njinga ndi sutukesi, wina sanabwerenso, ndipo amangomutchula kuti anatchona. Chinkawathamangitsa ndi msonkho, umene unkafunika ndalama pomwe ndalama m'mudzi munalibe. Kuno kunali fodya wa chikopa kuyambira m'ma 1920, ndipo ankathandizako, koma mtengo wake ukagwa anyamata ankanyamuka. Ankadutsa ku Dedza, kuwoloka Zambezi ku Tete, n'kukalowa Southern Rhodesia cha ku Mtoko, nthawi zambiri wapansi. Komiti imene boma la atsamunda linakhazikitsa mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a Nyasaland anali kunja kwa dziko, kutanthauza mwamuna mmodzi mwa anayi alionse, kapena kuposa.

Pali mfundo ina imene imandisangalatsa. Mishoni ya Mvera, kuno ku Dowa, inayambidwa mu 1889 ndi abusa awiri a Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok. Mu 1912 Vlok yemweyo anasamukira ku Salisbury kukatumikira anthu a ku Nyasaland amene ankagwira ntchito kumeneko. Nkhosa zinali zitachuluka kutsidya moti mbusa anachita kuzilondola. Mpingo umene anakayamba ndi umene unakula n'kukhala sinodi ya Harare ya CCAP.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Azungu a ku Salisbury atayamba kukamba zophatikiza mayiko atatu, Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, munthu wa m'mapiri muno sanafunike womuphunzitsa kuti Rhodesia n'chiyani. Anali atakaiona ndi maso ake. Anayendapo ndi chitupa m'thumba, kuopa wapolisi. Anagonapo m'komboni ya pa mgodi. Anaona lamulo la malo la 1930 litapatsa azungu ochepa pafupifupi theka la dziko, theka lachonde, eni nthaka n'kukankhidwira kumiyala. Ndipo pobwera ankafotokoza zonsezi pabwalo, pamaliro, pamowa. Komishoni ya Lord Bledisloe itayendera mayikowa mu 1938, inapeza anthu a Nyasaland akukana ndi mawu amodzi, ndipo lipoti lake linavomereza kuti ankakana chifukwa ankadziwa mmene anthu akuda ankakhalira kumwera. Ku Britain mu 2016 ambiri anavotera kutuluka poopa alendo obwera. Kuno makolo athu anakana kulowa chifukwa iwo eni anakakhalapo alendo.

Nanga zinatheka bwanji, poti anthu anakana?

Yankho lake lili m'mabokosi a mavoti a ku Britain. Boma la Labour ndi limene linatsegula chitseko: mu 1951 linalola akuluakulu a maboma kukambirana za chitaganya, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho nduna yoona za maiko a atsamunda, James Griffiths, inali pa msonkhano ku Victoria Falls. Griffiths anali atayenda m'Nyasaland ndipo anamva yekha kukana kwa anthu, choncho ankazengereza. Msonkhano uli mkati, uthenga unafika woti kwawo kukhala chisankho. Pa 25 Okutobala 1951 Labour inapeza mavoti ambiri kuposa Conservative, koma mipando inachepa, ndipo Winston Churchill anabwerera m'boma. Nduna yatsopano, Oliver Lyttelton, inalibe nthawi yozengereza. Maganizo ake anali oti chitaganya n'chabwino kwa anthu akuda ngakhale iwo asakuchifuna, ngati mwana wokana mankhwala. A Labour, atakhala kotsutsa, anayamba kulankhula mokomera ife n'kumavota mokana. Zikomo, komatu moto anali atausonkha okha.

Riferendamu inachitikadi, musadabwe. Inachitikira ku Southern Rhodesia pa 9 Epulo 1953. Anthu oposa 25,000 anati inde, pafupifupi 15,000 anati ayi, ndipo pafupifupi onsewo anali azungu, poti anthu akuda amene anali m'kaundula wa voti anali mazana ochepa chabe. Anthu 40,000 anagamula mlandu wa anthu mamiliyoni. Ku Nyasaland, kumene kunali anthu oposa mamiliyoni awiri, kunalibe bokosi ndi limodzi lomwe. Mafumu athu anapita ku London kumayambiriro kwa chaka chimenecho, pa ndalama zosonkha anthu wamba, kuti akadandaule kwa Mfumukazi Elizabeth, koma sanaloledwe kuonana nayo. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu itauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma, inachotsedwa pampando. Ku Thyolo ndi madera ozungulira anthu 11 anafa pa zipolowe. Chitaganya chinayamba basi. M'nyumba yake ya malamulo ya mipando 35, anthu akuda anali 6, awiri ochokera dziko lililonse. Athu anali Wellington Manoah Chirwa ndi Clement Kumbikano.

Ndisakhale ngati wa kampeni: ochikonda chitaganya anali ndi mfundo zawo, ndipo zina zinali zoona. Nyasaland linali dziko losauka, ndipo ndalama zina zochokera ku mkuwa wa Northern Rhodesia zinkafikadi kuno. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha nthawi imeneyo. Koma onani kumene kunapita zikuluzikulu. Likulu, Salisbury. Yunivesite, Salisbury. Damu la Kariba, pa Zambezi, kuti liyatse migodi ndi mafakitale a ma Rhodesia awiriwo, pomwe magetsi a pa Nkula anadikira mpaka 1966, ufulu utabwera. Katundu wa m'mafakitale a ku Bulawayo ndi Salisbury ankalowa kuno popanda msonkho wa pachipata. Ife mu msika umenewo tinkagulitsamo chiyani? Manja. Mthandizi ankalemba anthu opita m'mafamu a ku Rhodesia, Wenela ankalemba opita ku migodi ya ku Joni.

Kumudzi chitaganya chinasakanikirana ndi chinthu china chimene anthu ankadana nacho koopsa: malimidwe. Awa anali malamulo okakamiza kulima mizere yopingasa phiri ndi kuzula mapesi pa nthawi yoikika, ndipo wolephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Kunena zoona, malamulowa anali a boma la ku Zomba, osati la chitaganya, ndipo aliyense amene waona mmene madzi amakokololera nthaka m'mapiri a Ntchisi akudziwa kuti mizereyo inali ndi nzeru. Koma nzeru yobwera ndi chikoti imasanduka chipongwe. Kwa mlimi, mlangizi wa chindapusa ndi Roy Welensky wa ku Salisbury anali nkhope ziwiri za chilombo chimodzi, ndipo a Congress anadziwa kugwiritsa ntchito mkwiyo umenewo.

Za kubwera kwa Kamuzu pa 6 Julayi 1958 munaziloweza ku pulayimale, sindibwereza. Ndingokumbutsa kuti iyenso anali mtchona: anachoka ku Kasungu wapansi, anagwirapo ntchito ku Rhodesia ndi ku Joni, ndipo pambuyo pake anakhala dokotala ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, mlendo wochiza eni dziko. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda mlandu, pafupifupi 50 anaphedwa, ambiri mwa iwo pa doko la Nkhata Bay, ndipo Kamuzu anakamutsekera ku Gwelo. Woweruza Patrick Devlin atafufuza, analemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Harold Macmillan linakana zambiri za m'lipotilo. Chisankho chinali pafupi, silikanavomera manyazi.

Koma Macmillan atangopambana mu Okutobala 1959, anaika Iain Macleod pa unduna uja, ndipo pa 1 Epulo 1960 Kamuzu anatulutsidwa. Chipani chomwe chija chinatilowetsa chinayamba kufunafuna khomo lotitulutsira. M'kati mwake munabuka nkhondo. Lord Salisbury anadzudzula Macleod poyera m'nyumba ya malamulo kuti wachenjeretsa, ndipo mu 1961 okwiyawo anayambitsa gulu la Monday Club loteteza ulamuliro wa azungu mu Africa. Gulu lomweli ndi limene m'zaka zotsatira linatchuka ndi kudana ndi obwera.

Tsopano taikani masiku awa pamodzi. Pa 31 Julayi 1961 Macmillan analengeza kuti Britain ipempha kulowa mu msika wa mayiko a ku Ulaya, kholo la European Union. Patangotha milungu iwiri, pa 15 Ogasiti, Malawi Congress Party inasesa chisankho kuno. Mu 1962 Britain inakhazikitsa lamulo loyamba lochepetsa anthu a m'maiko a Commonwealth olowa m'dzikomo. Mu Disembala chaka chomwecho R.A. Butler analengeza kuti Nyasaland ikhoza kutuluka m'chitaganya, ndipo chinatha pa 31 Disembala 1963. Sindikuchepetsa magazi amene anakhetsedwa, kapena akaidi a ku Kanjedza ndi ku Gwelo. Popanda iwo Macleod sakanasuntha. Koma maganizo anga ndi akuti khomo linatseguka msanga chifukwa mwini nyumba anali atayamba kufunsira kwina. Maso ake anali ku Ulaya. Anamukana kawiri, Charles de Gaulle wa ku France ndiye ankatseka chitseko, mpaka analowa mu 1973, pansi pa Edward Heath. Ndipo mu 1975 anthu ake anafunsidwa ngati akufuna kukhalamo. Anafunsidwa kawiri konse, 1975 ndi 2016, aise.

Walira mvula walira matope. Atatuluka, obwera ku Britain sanachepe. Cha m'ma 2023 chiwerengero chawo chinakwera kuposa kale lonse, kungoti tsopano ambiri anali ochokera ku India, ku Nigeria, ku Zimbabwe, odzasamala okalamba ndi odwala. Nafenso kutuluka m'chitaganya sikunabweze machona. Ambiri anakhalira komweko, ana awo anabadwira ku Mbare ndi m'mafamu, ndipo Zimbabwe itasintha lamulo la unzika mu 2001 ambiri a iwo anapezeka alibe dziko, kuno osadziwika, uko akutchedwa alendo.

Mu 2022 boma la Conservative linakonza zoti anthu ofika ku Britain pa timabwato kudzapempha chitetezo liziwatumiza ku Rwanda. Labour inathetsa zimenezo italowa m'boma mu 2024. Ndinkazimva ndili pa mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera ku Dzaleka, kumene kuli anthu othawa ku Rwanda komweko, ku Burundi ndi ku Congo. Malowo anali ndende ya akaidi a ndale m'nthawi ya Kamuzu, ndipo anasanduka kampu ya othawa kwawo mu 1994. Anakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000, koma lero alipo oposa 50,000. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anagwira othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni, ena anayamba awasunga ku ndende ya Maula, kenako anawatutira ku Dzaleka. M'maminibasi a pakati pa Lilongwe ndi Mponela ndinamva anthu ambiri akuvomereza: Maburundi anatilanda mashopu, abwerere kukampu. Mmodzi mwa amene ankalankhula mokweza tsiku lina anali mnyamata wamsinkhu wanga, ndipo pamiyendo pake anali atanyamula envelopu ya mapepala a pasipoti. Anati akupita ku Joni mwezi wamawa.