Maphunziro a Ubusa M'chigwa cha Domasi

Maphunziro a ubusa ndiwo kusula anthu oti aŵete nkhosa za Mulungu, mwa njira yolingana ndi chilankhulo, miyambo ndi makhalidwe a dera limene adzatumikiremo.

M'chigwa cha Domasi, kunsi kwa mapiri a Zomba ndi Malosa, ntchitoyi inayamba mu 1884, pamene Alexander Hetherwick wa Church of Scotland anakhazikitsa mishoni pakati pa Ayao ndi Anyanja. Ndipo iye, poona kuti mbewu siphuka pathanthwe, anayamba wadziphunzitsa Chiyao, nalemba buku la malamulo a chilankhulocho mu 1889, namasuliranso Chipangano Chatsopano, kuti wophunzira amve Mawu m'chinenero cha amake. Ku Blantyre, David Clement Scott anapatula madikoni achikuda, nawapatsa udindo woweruza milandu ya mpingo monga achitira akulu pabwalo. Ndipo mu 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre.

Popeza m'midzi ya m'chigwachi Akhristu ndi Asilamu amatunga pachitsime chimodzi, ndiponso jando ndi nsondo zikali zolimba, mbusa amaphunzira kuyendetsa maliro, maukwati ndi chilangizo, chimene ndicho chinamwali chachikhristu chotsogozedwa ndi alangizi, mosanyoza eni mudzi.

Masiku ano abusa amasulidwa ku Zomba Theological University, yotsegulidwa mu 1977 ngati Zomba Theological College. Akulu a mpingo ndi amayi a Mvano amaphunzira ku Chilema, pafupi ndi Malosa. Ena amaphunzira ali kwawo kudzera mu TEEM (Theological Education by Extension in Malawi).