MBIRI YA ALONDA A M'MASELO

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. M'caka ca 1945, ku New York, Keith Porter ndi anzace awiri anaona m'kati mwa selo kanthu konga ukonde. Pambuyo pace anakacha dzina lakuti endoplasmic reticulum. Mu ukonde umenewu ndimo mapuloteni ambiri amapindidwa. Puloteni iri ngati nsungwi yong'aluka: isanalukidwe siinakhale licero, ndipo ikalukidwa mokhota siingapete ufa.

Nanga zokhotazo zikacuruka, selo limadziwa bwanji? Funso limeneli linasautsa akatswiri zaka zambiri. Mu 1993 Peter Walter ku San Francisco ndi Kazutoshi Mori ku Dallas, osagwirira nchito pamodzi, anapeza mlonda mmodzi yemweyo, IRE1. Anampeza mu yisiti, yemwe uja atupitsa mikate. Musapeputse zinthu za m'khichini. Mu 1999 David Ron ndi anzace analongosola za mlonda wina, PERK.

Nchito ya alondawa ikunga ya mwini cigayo wanzeru. Cigayo cikatsamwa, iye sathirabe cimanga, koma ayamba waletsa matumba pakhomo. Momwemonso PERK acepetsa kupangidwa kwa mapuloteni atsopano, pamene IRE1 atumiza uthenga kuti pabwere athandizi ambiri opinda, ndi kuti zoonongeka zitayidwe. Koma bvuto likakhalitsa, alonda omwewo ndiwo alamula selo kuti life. Ine ndiyesa ici ndico codabwitsa koposa m'mbiri yonseyi.

Mwina mufunsa kuti, "Kodi ife a ku Magaleta zitikhudza bwanji?" Maselo a m'kapamba amapinda insulin wocuruka tsiku ndi tsiku, ndipo insulin ndiye acotsa shuga m'mwazi. Mu 2000 kunadziwika kuti ana obadwa ndi PERK wolumala amadwala nthenda ya shuga akali makanda. Kwa akulu nakonso, thupi likamafuna insulin wopitirira muyeso zaka zambiri, ukonde uja umalema, ndipo ici ndi cimodzi mwa zofoola maselowo.

Kuno ku Neno bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba kugwira nchito ndi Unduna wa Zaumoyo mu 2007. Mu 2015 anatsegula kiliniki imodzi yoonera pamodzi odwala shuga, kuthamanga kwa mwazi, khunyu ndi HIV, m'cipatala ca boma ndi m'zipatala zazing'ono zomwe.